Pi Thangzuali ndi Mpando Wakutsogolo

Malemu Pi Thangzuali, amene agona pakati pathu pano, anabadwa pa 9 Ogasiti 1954 m'mudzi wa Sialsuk, kwa bambo athu Pu Chalkunga ndi mayi athu Pi Rohniangi. Anali achinayi kubadwa mwa ana asanu. Wowaponda pamutu ndine ndaima panone, Biakzama, mlongo wawo, ndipo m'banja lonse lija lero ndatsala ndekha.

Abusa, akuluakulu a mpingo, a khonsolo ya dera lathu lino la Sihpui Veng, abale ndi anansi nonse, ndisanapite patali mundilole ndinene kanthu kamodzi. Dzulo madzulo a khonsolo anandipempha kuti mbiriyi ikhale ya mayi amene anatsitsa liwiro la magalimoto pamtsetse wathu uwu, mpaka lero ana akuwoloka msewu opanda mantha. Zimenezo n'zoona ndipo ndizinena. Koma achemwali anga anandilumbiritsa adakali moyo. Anati, "Zama, tsiku langa likadzafika usadzandisandutse mngelo. Ukadzanama ndidzakutsokomolera m'bokosi momwemo." Ine bokosi lotsokomola sindilifuna, choncho ndinena monga zinalili. Malemu sanayambe nkhondo ya msewu chifukwa cha ana a sukulu ayi. Anaiyamba chifukwa cha nsanje. Chimene ankafuna moyo wawo wonse wa m'banja chinali chimodzi chokha: mpando wakutsogolo m'galimoto ya amuna awo, Pu Kapthianga, alamu anga akhala apawa.

Nsanjeyo sanakaiphunzire kubanja, anabadwa nayo. Amayi athu ankasimba kuti ine nditabadwa mu 1958, achemwali anayamba kukana chakudya chifukwa msana umene unali wawo unalandidwa ndi mlendo. Chaka chotsatira nsungwi zinachita maluwa, makoswe anaswana ndi mbewu zakezo n'kupsereza mpunga m'minda, ndipo kunagwa njala imene achikulire muli pano mukuikumbukira. Ngakhale m'njala imeneyo malemu ankayamba ayang'ana m'mbale ya mnzawo asanayang'ane mwawo. Komatu akaona kuti mwa mnzawomo ndimo mwachepa, ankatapa mwawo n'kuthiramo, uku akunyinyirika.

Anayamba sukulu mu 1961 pasukulu ya mpingo ya m'mudzimo. Pamasamu panalibe wowagwira. Chaka chimodzi chokha anakhala nambala yachiwiri, ndipo mtsikana amene anawaposa uja sanamulankhule mpaka mpunga unakololedwa. Zipolowe za mu 1966 zinabalalitsa midzi, sukulu inatsekedwa, maphunziro awo n'kuthera mu kalasi yachisanu. Mu 1972 anabwera kuno ku Aizawl kudzakhala ndi azakhali athu, ndipo anayamba kugulitsa masamba kumsika waukulu, dengu kumsana, lamba wake pamphumi, kukwera ndi kutsika masitepe a mzinda uno mpaka akatumba anauma gwaa.

Mu 1976 analowa kwaya ya achinyamata, ndipo kumeneko ndiko anakumana ndi Pu Kapthianga, amene nthawi imeneyo ankayendetsa jipi yonyamula anthu ndi katundu kupita kumidzi. Alamu, pepani, koma munali wokongola. Tsitsi lopesa cham'mbali, malaya oyera, makiyi akulira m'thumba. Kwaya yonse ya mawu apamwamba inkaphonya nyimbo jipi ija ikaima panja. Anamanga ukwati woyera pa 14 Disembala 1978. Madzulo ake, monga mwa mwambo wathu, tinaperekeza mkwatibwi kwa amuna ake tikuyenda pansi ndi nyimbo, pamene katundu wake anakwera jipi. Pampando wakutsogolo panakhala mnzawo wina wa m'kwaya, atafungatira kalilole kuti asasweke. Jipi inatidutsa panjira, mkwati ali pachiwongolero, mtsikana uja akuseka. Malemu anandikanda pamkono n'kunena kuti, "Kalilole wakwera, mwini kalilole ali pansi." Mawu oyamba amene ndinawamva kwa iwo monga mayi wapabanja ndi amenewo.

Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Zorema mu 1980 ndi Remsiami mu 1984. Mu 1981 anatsegula kagolosale pakona yathu ija, pamene msewu umakhota potsika kupita kutauni. Ankagulitsa tiyi, sopo, machesi, ndi kuhva, mtedza wotafuna uja amene watifiiritsa mano tonsefe. Nyumba yawo ndi ino ili kunsi kwa msewu, ndipo golosaleyo ndiyo inali maso awo.

Mavuto enieni anayamba mu 1989 pamene alamu anagulitsa jipi n'kugula takisi. Tsopano sankapitanso kumidzi. Ankadutsa pakona pomwepo tsiku lonse, kutsika ndi kukwera, ndipo madalaivala anzawo ankawatchula kuti Mphepo. Mukudziwa kuti kwathu kuno kuliza hutala ndi mwano. Galimoto inkangotulukira pakona mwakachetechete, fyuu, yapita. Malemu akamatukula mutu kuchoka pa ketulo ankangoona mtundu wa nsalu pawindo lakumanzere, nkhope osaiona. Madzulo mlandu unkakhala pamphasa, ndipo ine amene ndinkadya nawo kawirikawiri ndi amene ndinali mboni.

"Bambo a Zorema, wa nsalu yofiira uja anali ndani?"

"Wokwera."

"Wokwera alibe dzina? Wokwera amaseka mano onse pamtunda choncho?"

"Manowo mwawaona bwanji, poti mukuti ndimathamanga?"

"Ndiye chepetsani liwiro ndione bwinobwino! Kapena muziliza hutala mukamafika, ndizikonzeka."

"Ndilize hutala ngati dalaivala wa kuzigwa? Anthu anditenga ngati ndani?"

"Hoo! Manyazi muli nawo a hutala okha."

Alamu ankangoseka n'kupitiriza kudya. Ine, ndinene zoona, ndinkawasirira. Akazi anga ali apo, munthu wabwino, koma chikwatiraneni sanandifunsepo kuti ndinali ndi ndani. Ndikachedwa amangofunsa ngati ndakumbukira mchere.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji malemu sanangotsegula chitseko n'kukhalapo pampandopo? Pakati pa sabata mpandowo unali wa okwera, ndipo iwo anali pagolosale kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Lamulungu galimoto imapuma, tonse timatsika masitepe kupita kutchalitchi. Kukagwa maliro ku Sialsuk, kutsogolo kunkakhala apongozi awo, kapena abusa, kapena mkulu wa mpingo wodwala mawondo, iwo n'kupanikizana kumbuyo ndi ana. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Achemwali, ingokwerani, galimotoyo ndi yanu yomwe." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Ndipemphe mpando wanga womwe ngati wokwera? Andiitane okha. Ndipo iwe ukakawanong'oneza, pakhomo panga usadzapondepo." Amene munawadziwa mukudziwa kuti chimene iwo aletsa chinkakhala choletsedwa.

Mu 1993 m'dera lino munabwera mphunzitsi wachitsikana, Pi Darmawii, amene akhala apo ndi ndodo yawo. Ndinawapempha dzulo ndipo andilola kuti ndiwatchule. Anapangana ndi alamu kuti aziwatenga m'mawa uliwonse kupita kusukulu imene ankaphunzitsa, ndipo ankakhala kutsogolo chifukwa kumbuyo kunkawachititsa nseru. Apa ndiye moto unagwira udzu. Malemu anati, "Nseru! Ine ndinachita nseru ya mimba ziwiri kumpando wakumbuyo, ndani anandimvera chisoni?" Ndikawauza kuti palibe kanthu, ankandiyankha kuti, "Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Iwe ukudziwa chiyani?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu Malichi 1994 malemu anavala nsalu yawo yopitira kutchalitchi n'kukaima pamaso pa khonsolo, kupempha kuti pakona paikidwe hampu ndi chikwangwani choti galimoto isapitirire makilomita 20 pa ola. Analankhula za ana a sukulu, za okalamba, za amayi osenza madzi. Wapampando wa nthawi imeneyo, amene anatisiya kale, anati, "Pi Zuali, mawu anu ndi abwino, koma wothamanga kwambiri pamsewu umenewu amagona m'nyumba mwanu. Kayambireni kumeneko." Khonsolo yonse inafa nacho chiseko. Malemu anabwerako maso ali psuu.

Kuyambira tsiku limenelo anakhala hampu iwo eni. Anagula penti, analemba 20 pachivundikiro cha mgolo n'kuchikhomera pamtengo. Kutsidya kwa msewu kunali telala, ndipo mwadzidzidzi telala uja anayamba kulandira tiyi amene sanaitanitse. Malemu akangomva injini kumtunda ankanyamula ketulo ndi makapu, ambulera kukhwapa, n'kuyamba kuwoloka pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Madalaivala ankaponda mabuleki mpaka matayala kulira, ndipo poti hutala sakanaliza, ankangotulutsa mutu pawindo.

"Pi Zuali, mwatopa nawo moyo?"

"Ndatopa ndi nkhope yako, mwana wa Siami. Amako akudziwa kuti umayendetsa chonchi?"

"Tiyiyo azizira, fulumirani!"

"Kuthamanga sikufika. Taima ndione amene wanyamula."

Posakhalitsa dera lonse linawapatsa dzina loti Pi Buleki, ndipo iwo ankaliyankha.

Tsopano tamvani cholakwa chimene chinachitika m'nyumba muno, chifukwa ndi chimene chandiimiritsa pano. Alamu, poona akazi awo akulimbana ndi magalimoto tsiku ndi tsiku, anaganiza kuti amadana ndi galimoto. Ankauza anzawo pamalo oimika matakisi kuti, "Mayi a Zorema galimoto amaiona ngati njoka. Akakwera kumbuyo popita kumaliro, ndiye kuti adzikakamiza." Pofuna kuwasangalatsa, anayamba kuimika takisi kutali, kuseri kwa tchalitchi, kuti isamawapweteke m'maso. Katundu wa pagolosale ankakagula okha kumsika kuti akazi awo asavutike ndi kukwera. Alamu ankati akuchita chikondi. Malemu ankati, "Waona? Akuibisa. Galu wamkota sakandira pachabe." Anthu awiri okondana, mphasa imodzi, aliyense akuwerenga mnzake chadodolido, ine ndili pakati pakamwa patamangidwa.

Pa 3 Okutobala 1998 pakona paja panagwa ngozi yoyamba imene inatenga moyo. Dhan Bahadur, mkulu uja ankatibweretsera mkaka, ankakankha njinga yake yakapalasa pokwera chitunda, zigubu zili mbali zonse. Lole inatsika mothamanga n'kumutenga. Malemu ndi amene anayamba kufika, ndipo ndi amene anatsuka msewu pambuyo pake, mkaka ndi magazi zitasakanikirana. Madzulo a tsiku limenelo sanafunse za nsalu ya munthu aliyense. Chakudya sanachikhudze. Kuyambira pamenepo nkhondo yawo inakhala ndi miyendo iwiri. Nsanje sinathe, ndisakunamizeni, koma akamanena za anthu oyenda pansi mawu awo ankanjenjemera mwa mtundu wina. A khonsolo anatumiza chipepeso kubanja la malemuyo, koma hampu sanaike.

Pa 17 Juni 2003, m'mawa kukugwa mvula, Pi Darmawii ankawoloka kuti akakwere takisi ija, ndipo njinga yamoto inatulukira pakona n'kuwagunda. Chiuno chinathyoka. Malemu anaponya ketulo, anang'amba nsalu yawo n'kumanga bala, ndipo anakuwira amuna awo kuti, "Mwaima chiyani? Tsegulani chitseko!" Anagoneka mphunzitsiyo kumbuyo, mutu wake pamiyendo yawo. Kutsogolo kunalumphira wapampando wa khonsolo kuti akathandize kulankhula ndi madokotala. Inde, abale anga, ngakhale tsiku limenelo achemwali anakhala kumbuyo.

Pi Darmawii analibe wachibale mumzinda muno, choncho malemu ndi amene anawadikirira kuchipatala. Anatseka golosale, ankaphika phala la mpunga ndi nkhuku, kuwasambitsa, kuwapesa tsitsi. A mpingo anawayamikira paguwa. Ine nditawayamikira anandidula mawu. Anati, "Usapuse iwe. Ndikachokapo pampando wa pambali pa bedipo, akhalapo ndi alamu ako." Koma phala silinama. Amene anadya phala limenelo akudziwa kuti linaphikidwa ndi mtima, ndipo amayi awiriwa anatuluka m'chipatalamo akutchulana maina achidule, Zuali ndi Mawii, ngakhale kuti mmodzi sanasiye kumuyang'ana mnzake cham'mbali.

Chaka chomwecho chisanathe khonsolo inaika mahampu awiri, mizere yoyera yowolokerapo, ndi chikwangwani chenicheni cha 20. Mukuganiza kuti malemu anavina? Anakwiya sabata yonse. Anati, "Ndakuwa mpaka mawu kusasa, palibe anandimva. Wafa wamkaka, palibe anamva. Wagundidwa wokongola, phula lapezeka, penti yapezeka." Alamu nawo ngozi ija inawalowa m'mafupa. Kuyambira tsiku limenelo Mphepo inaleka kuwomba, ndipo m'tauni muno sanathamangenso. Malemu anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani, munkandiseka. Lero mwachepetsera liwiro Mawii." Alamu anayankha kuti, "Nanga ndiyambirenso kuthamanga?" Iwo anati, "Yesani muone."

Tsopano magalimoto ankadutsa pakona pang'onopang'ono, ndipo malemu anaona zonse zimene ankafuna kuona. Anaona agogo ofungatira madengu, abusa, ana a sukulu, matumba a chakudya cha nkhumba. Mkazi wobisika panalibe. Koma anaona chinthu china chimene chinawapweteka kuposa nsalu yofiira. Anaona kuti amuna awo, amene kunyumba ankangoti "eya" ndi "ayi," m'galimoto ankacheza ndi aliyense. Ankaloza ndi dzanja, ankaseka, ankasimba nkhani mpaka wokwera kugwira m'mimba. Tsiku lina ndinawapeza atakhala kuseri kwa kauntala misozi ili m'masaya. Anati, "Zama, munthu uja ali ndi nkhani. Amazigawira anthu olipira. Ine amandibweretsera zotsala." M'moyo wanga wonse ndi tsiku lokhalo limene ndinaona achemwali anga akulira popanda maliro.

Ntchito yawo sinathere pakona pathu. Kuyambira mu 2005 madera ena anayamba kuwaitana kuti akalankhule m'misonkhano ya amayi ndi ya achinyamata, ndipo ankapita wapansi kapena pabasi. Mawu awo anali amodzimodzi kulikonse. Ankati, "Pa 20 dalaivala amaona nkhope. Akapitirira apo amangoona nsalu. Ine ndaima pakona moyo wanga wonse, ndikudziwa pamene nkhope imasowera. Munthu amene wamuona nkhope sumuponda." Anthu ankaomba m'manja osadziwa kuti nzeruyo anaitola posuzumira m'takisi ya amuna awo. Koma nzeru ndi nzeru, kaya waitola kuti. Chiikireni mahampu aja, pakona pathu sipanafenso munthu. Atabwera a kabaza a njinga zamoto, malemu ankawaimitsa kuti amange helemeti, ndipo akaona mtsikana wagwira kabaza m'chiuno ankati, "Gwira chitsulo chakumbuyocho, mwiniwake ali kunyumba." Tithokoze Mulungu kuti alamu anali atakula kale, sanaganize zogula njinga.

Mu 2012 khonsolo inawapatsa satifiketi yaulemu. Anailandira, anathokoza, ndipo pobwerera anandifunsa ngati n'zoona kuti dera la kutsidya lili ndi mahampu atatu.

Malemu anayamba kudwala mtima mu 2019, ndipo golosale anaisiyira Remsiami. Alamu anapuma ntchito chaka chotsatira, takisi n'kumayendetsa Zorema. Ngakhale ankadwala, m'mawa uliwonse ankakwera masitepe mopumira kukakhala pabenchi pakona, kuyang'ana magalimoto. Tsopano ankalondera mwana wawo m'malo mwa mpongozi wawo, mkazi wa Zorema, amene ankati ndi wofatsa mopitirira muyeso.

Dzulo, Lachiwiri pa 11 Febuluwale 2025, m'mawa nthawi imene ana amapita kusukulu, malemu anagwa kukhitchini akubanika. Zorema anali atapita ku Sialsuk pabasi kukaona munda, makiyi atasiya pakhomo. Achinyamata anawanyamula pampando kukwera nawo kumsewu, alamu n'kuthamangira kuseri kwa tchalitchi kukatenga galimoto. Remsiami anatsegula chitseko chakumbuyo monga mwa nthawi zonse. Ine ndinali pomwepo, ndipo zimene ndinene tsopano ndinazimva ndi makutu angawa. Alamu anatuluka n'kutsegula chitseko chakutsogolo.

"Mayi a Zorema, pepani. Ndikudziwa kuti galimoto mumadana nayo. Koma lero lokha khalani kuno pafupi ndi ine, ndizikuonani."

Malemu anatsegula maso. "Mwati bwanji?"

"Ndati khalani kutsogolo kuno."

"Bwerezaninso, anthuwa amve."

Alamu anabwereza, ndipo achinyamata anawakhazika pampando uja. Malemu anausisita ndi dzanja, anakonza nsalu yawo pamawondo, n'kuwongola msana. Ine ndi Remsiami tinakhala kumbuyo. Alamu analiza injini, ndipo Mphepo yakale ija inadzuka. Phazi linapita pansi. Tisanafike pahampu yoyamba, malemu anaika dzanja lawo pamwamba pa dzanja la alamu pagiya.

"Chikwangwani chija simukuchiona?"

"Mayi, tichedwa."

"Munachedwa kale, munthu inu. Tsitsani galasi. Yendani pang'onopang'ono, onse aone amene wakhala kutsogolo lero."

Alamu anachotsa phazi. Tinatsika mtsetse wonse pa 20, ana a sukulu akuwoloka pamizere, azimayi akutuluka m'makomo. Malemu, mpweya ukuvuta choncho, ankagwedeza mutu kupereka moni kwa aliyense ngati mlendo wolemekezeka. Titafika pakhonde la Pi Darmawii malemu anatukula dzanja.

"Mawii! Wandiona?"

"Ndakuona, Zuali! Wakukhala mpandowo!"

"Unali wanga kuyambira kale."

Pamenepo alamu anatembenuka. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana msewu, anayang'ananso akazi awo. Anati, "Kodi munkaufuna?" Malemu anati, "Nanga mumati ndinkaimiranji pakona?" Alamu anati, "Bwanji simunanene?" Iwo anati, "Bwanji simunafunse?" Kenaka anatsamira, n'kunena kuti, "Basi, zatha. Tsopano ndichezeni monga mumachezera ndi okwera anu."

Abale anga, alamu anacheza. Misozi ikutsika m'masaya, anawasonyeza pamene jipi inawathera mafuta atanyamula mkwati wa eni, pamene nkhumba ya wokwera inathawira m'sitolo ya nsapato, pamene anaima tsiku lina n'kumayang'ana mtsikana wosenza dengu la masamba asanalimbe mtima kukalowa kwaya. Malemu ankaseka pang'onopang'ono, dzanja lawo lili pomwe lija. Tinafika nawo kuchipatala ali moyo ndipo akulankhula. Anatisiya masana a tsiku lomwelo, ali ndi zaka 70.

Ndamva manong'onong'o kuyambira dzulo, akuti alamu akanathamanga mwina bwenzi tili nawo. Amene mukunena zimenezo, mlekeni munthuyu. Dokotala anatiuza pamaso pa Remsiami kuti mtima unali utatha kale, ngakhale akanauluka nawo. Ndiponso ndani mwa inu akanathamangitsa galimoto Pi Buleki atakhala pambali pake? Alamu sanachedwe dzulo. Dzulo ndi tsiku limene anafika.

Malemu asiya amuna awo Pu Kapthianga, ana awiri Zorema ndi Remsiami, mpongozi wawo Lalnunziri, zidzukulu zinayi, ndi ine mlongo wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa ndi akuluakulu a mpingo, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, achinyamata amene anawanyamula dzulo ndipo lero akumba manda, amayi amene mwatiphikira tiyi, ndi nonse amene mwatitonthoza ndi nyimbo ndi ng'oma. Ndikuthokoza madalaivala a matakisi ndi a kabaza amene mwaimika ntchito kudzaperekeza mayi amene anakutukwanani zaka zonsezi. Ndikuthokozanso Pi Darmawii, amene anapirira diso la achemwali anga n'kukhalabe mnzawo.

Tikamanyamuka pano bokosi likhala m'galimoto ya dera, ndipo alamu atsatira pambuyo ndi takisi yawo. Palibe wodutsa mnzake, palibe wopitirira 20. Amene miyendo ikukuvutani, m'takisimo malo alipo, koma kumbuyo. Alamu andituma kuti ndinene kuti chitseko chakutsogolo achikhoma. Ndipo amayi ena amene mwayamba kale kuwafunsa alamu ngati adya, ndakuonani, ndipo diso la achemwali anga ndatsala nalo ndine.

Achemwali, sindinaname, musatsokomole. Ambuye amene munawatumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere. Tsekani maso tsopano, musasuzumirenso. Pampando paja palibe wakhalapo.